Kachipu ka miyendo 8

Hard drive yopsa imadziwika ndi fungo. Imanunkha pulasitiki yowauka, ndipo mwini wake amafika atataya kale mtima. "Amisiri, ndiye kuti zonse zapita?" Ndimati, "Khalani pansi kaye bambo, chapsa n'chakunja." Mafayilo amakhala pa timbale ta m'kati, olembedwa ndi maginito. Moto umadya bodi yobiriwira ya kunsi ija, timbale n'kutisiya tili bwinobwino.

Zambiri zimene zimandipeza zimapsa ndi chaja. Drive yaikulu ya mainchesi 3.5 imafuna 12V ndi 5V, pamene chaja za malaputopu ambiri zimatulutsa 19V, komanso kamutu kake kamalowa ndithu pabowo la external drive. Munthu akangosokoneza zingwe kuseri kwa tebulo, utsi fuu! Zina ndi mphenzi za m'dzinja, kapena magetsi obwera mwaukali atazima.

Ndimayamba ndi multimeter. Pafupi ndi polowera magetsi pamakhala timadayodi totchedwa TVS, kena ka 12V, kena ka 5V. Ntchito yake ndi kufera zinzake: mphamvu ikapyola muyezo kamachita shoti kuti moto usapitirire. Ndikapeza kafa ndimakachotsa, n'kuyeza fyuzi yoyandikana nako. Tsiku lamwayi drive imadzuka pomwepo, ngakhale imakhala ilibenso chitetezo.

Likakhala tsoka, mumapeza IC yoyendetsa mota itaboka pamsana, ija yolembedwa SMOOTH pa ma Western Digital ndi Seagate ambiri. Apa pamafunika bodi ina. Dzina la pa pepala la drive silikwanira. Ndimatsata nambala yosindikizidwa pa bodi penipenipo. Ya Western Digital imayamba ndi 2060, ya Seagate ndi 100. N'chifukwa chake sinditaya drive yakufa. Bodi yofanana ikasowa m'katoni mwanga mwa ma drive akufawo, timaitanitsa ku China n'kumadikira.

Anzanga ambiri amagwa apa. Amamasula bodi yopsa, kumanga inzake yofanana nambala, kuyatsa, n'kudabwa drive ikungoti kho, kho, kho osaoneka pa kompyuta. Drive iliyonse imayezedwa payokha ku fakitale, popeza timitu towerenga sitifanana ndendende ngakhale tituluke tsiku limodzi. Zoyezedwazo amazilemba m'kachipu ka ROM ka miyendo 8, kamene pa mabodi ambiri a Western Digital kamakhala polembedwa U12. Bodi yachilendo ili ngati magalasi a mnzako: kuvala uvala ndithu, koma kalata suwerenga.

Choncho kachipuko kayenera kusamuka. Ndimapaka flux, kutenthetsa ndi hot air pang'onopang'ono, kukanyamula ndi kachopanira kakangolekana ndi bodi. Ndisanakawotcherere kwina ndimakawerenga ndi programmer n'kusunga zili m'katimo malo awiri. Ndimayang'anitsitsanso kadontho kosonyeza mwendo woyamba, chifukwa kukatembenuza n'kukapha. Mphindi zimenezi sindiyankha foni. Bodi imagulidwa, koma zimene zili m'kachipuka kulibe sitolo yake padziko lonse, ndipo mtima umandiwawa munthu akabwera ndi drive yokhayokha, bodi yopsa atasiya kwa mmisiri wina amene anaitaya kudzala.

Pa mabodi ena ROM ili m'kati mwa purosesa ya Marvell. Pamenepo pafunika makina ngati PC-3000 a kampani ya ACE Lab, a madola masauzande angapo, ndipo ntchito yotere ndimaitumiza kwa amene ali nawo. Chimodzimodzi moto ukadutsa mpaka kukapha preamp, kachipu kokhala m'kati pa mkono wa timitu. Chivundikiro sinditsegula pa tebulo langa. Timitu timayandama mananomita ochepa pamwamba pa timbale tozungulira ka 5,400 kapena 7,200 pa mphindi, ndiye fumbi limodzi lokha likwanira kukanda zithunzi za ukwati wa munthu.

Drive ikadzuka, eni ake amafuna kuona zithunzi nthawi yomweyo. Ndimawapempha apirire. Ndimailumikiza pa Linux n'kuyendetsa ddrescue, imene imakopera sector iliyonse ku drive ina, kuyamba ndi malo owerengeka msanga, ovuta n'kuwabwerera pambuyo. Ya 1TB imatha maola angapo. Mafayilo ndimawafufuza pa kope limenelo, ndipo ndimatsegula ochepa chabe, mwini wake ali pomwepo, kuti atsimikize kuti ndi ake ndipo ali amphumphu.