Nkhope za ku Bwanje

Ku Bwanje ndinali ndisanapondeko. Dzinali ndinkangolimva pa wailesi nthawi ya chisankho, akamawerenga zotsatira za madera a ku Ntcheu. Amene anandikokerako ndi mnzanga wa kuntchito, pomwe mng'ono wake ankachita chinkhoswe. Tinakhota pa Chingeni n'kulowa msewu wa ku Salima, mapiri a Ntcheu ali kumanzere kwathu, milambe ili njo, dzuwa likuswa mtengo. Ndinkati ndikadye nkhuku n'kubwerako. Koma ndinabwerako nditakonda chinthu chimene ndakhala ndikuchiona kuyambira ndili wakhanda osachipenyetsetsa, ndicho nkhope ya munthu.

Zinayambira pansi pa mtengo wa mango. Anatiyalira mphasa, ndipo abale a mnzangayo anabwera kudzatilonjera mmodzimmodzi. Ana asanu a bere limodzi, bambo mmodzi. Woyamba wakuda bii, wamtali, wa mphuno yosongoka. Wachiwiri wofiirira ngati mphika wongootcha kumene. Mwini chinkhoswe woyera moti kutauni akanamufunsa mafuta amene amadzola. Ndiyenera kuti ndinayang'anitsitsa mopitirira, chifukwa agogo awo, amene ankasenda maungu chapomwepo, anandigwira.

"Alendo, mwadabwa? Woyerayu watengera mayi anga. Wakudayu ndi malemu amuna anga enieni, taonani chipumicho."

Anapitiriza choncho mpaka adzukulutuvi. Mpata wa m'mano uwu ndi wa kuchimuna, timakutu iti n'ta azakhali awo, kayendedwe aka n'ka malume amene anatsikira ku Joni osabwerako. Kenaka anatenga khanda la masabata awiri, loyera mbee, n'kulipinda khutu kuti ndione nsonga yake yoderapo. "Ameneyu ada, musamuone kuyeraku." Ndinakhala kukamwa kuli yasa. Gogo ameneyu analibe chithunzi ngakhale chimodzi cha makolo ake, koma ankawaona tsiku lililonse akuthamanga pabwalo.

Banjali limadzitcha la Chingoni, ndipo chiwongo chawo amachitchula monyadira. Koma palibe amene amayankhula Chingoni. Chifukwa chake chili m'ulendo wa Angoni a kwa Maseko. Iwo anachoka kumwera pa nthawi ya nkhondo za Shaka, anaoloka Zambezi, anakafika ku Songea m'dziko la Tanzania, kenaka anabwerera n'kudzakhazikika pa phiri la Domwe ku Mozambique cha m'ma 1870. Ponseponse pamene ankadutsa ankatenga anthu, ena pogwidwa pankhondo, ena podzipereka okha, ndipo ana obadwa mwa amayi a Chintumba ndi a Chichewa ankakula ali Angoni. Chiyankhulo cha amayiwo ndicho chinapambana. Pamene atsamunda ankapha Inkosi Gomani Woyamba, mwana wa Chikuse, m'chaka cha 1896, mtunduwu unali utasakanikirana kale. Anthu akamasonkhana chaka ndi chaka ku Nkolimbo pa Umhlangano, atanyamula zishango, akuponda ngoma fumbi lili koboo, m'mitsempha mwawo mumayenda njira yonseyo. Chigwa cha Bwanje chinawonjezapo zake: Ayao a ku Mangochi ndi Balaka ali pafupi, njanji ya ku Salima inadutsa momwemo ndi antchito ake, ndipo masitolo a amwenye anali m'malo ambiri a malonda boma la Kamuzu lisanawauze kuti asamukire m'mizinda ikuluikulu m'zaka za m'ma 1970.

Ine ndinkaganiza kuti magazi amasakanikirana ngati mkaka mu tiyi, kuti wakuda akakwatira woyera, ana onse azikhala pakatikati. Chimene chinandiwongola ndi chimanga. Madzulo mtsikana wina ankatong'ola chimanga cha makolo, ndipo china mwa icho chinali ndi njere zoyera, zachikasu, zofiira, zina zoderako, zonse pa chitsononkho chimodzi. Ndinachitenga n'kumachitembenuza ngati mwana wapatsidwa chidole. Njere iliyonse ili ndi ulusi wake pa ndevu za chimanga zija, ndipo ulusi uliwonse umalandira mungu wakewake wochokera ku ngayaye, mwina za m'munda wa mnansi. Choncho njerezo ndi ana apachibale, aliyense ndi gawo lake.

Nditabwerera kunyumba ndinawerenga za nkhaniyi usiku wonse, ndipo sindinasiyebe. Mwana amalandira makromozomu 23 kwa mayi ndi 23 kwa bambo, koma kholo lililonse limayamba lasakaniza zimene nalo linalandira kwa makolo ake, ndipo kusakanizako kumachitika mwatsopano pa mimba iliyonse. N'chifukwa chake ana a mimba imodzi amafanana pafupifupi theka lokha la zinthu zimene zimasiyanitsa anthu. Khungu limada chifukwa cha melanini, amene amatitchinjiriza ku dzuwa, ndipo kuchuluka kwake sikulamulidwa ndi kachidutswa kamodzi ka DNA ayi, koma tambirimbiri. Tina timatha kubisala mwa kholo osaonekera, n'kudzatulukira mwa mdzukulu. Gregor Mendel anaziona zimenezi pa nsawawa n'kuzilemba mu 1866. Agogo aja anaziona pa zipumi.

Chimene chinandisangalatsa koposa ndi kafukufuku wa gulu la Sarah Tishkoff wa mu 2017, amene anayeza khungu la anthu ku Ethiopia, Tanzania ndi Botswana. Anapeza kuti zidutswa zambiri za DNA zoyeretsa khungu, pamodzi ndi zodetsa, n'zakalekale ndipo zinayambira mu Africa momwemuno. Ndiye kuti mwana wofiirira wa ku Bwanje safunika mzungu kapena mmwenye m'mbiri mwake kuti akhale wofiirira. Angakhalepo, ndipo m'mabanja ena alipodi, koma kuyera pakokha si umboni.

Apa mpamene mtima umandiwawa. Ndikudziwa mayi wina kwathu amene banja lake linatha chifukwa mwana anabadwa woyera kuposa bambo ake. Achibale a mwamuna anati mwanayo ndi wa kuntchire. Lero mnyamatayo wakula, ndipo akaseka, mano ndi a bambo ake omwe anamukana aja. Amayi obereka ana achialubino amakumana ndi zoopsa kuposa pamenepa, chonsecho mwana sangabadwe wachialubino pokhapokha bambo ndi mayi onse awiri atanyamula kachidutswa ka DNA koyambitsa chialubino. Akanyamula onse, mimba iliyonse imakhala ndi mwayi umodzi pa inayi woti mwana abadwe wachialubino. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino oposa 134,000 m'dziko muno. Aliyense wa iwo ali ndi bambo amene anapereka gawo lake.

Atsamunda nawo anavutika nazo nkhope zosakwanira m'mabokosi awo. Mu 1929 khoti lalikulu ku Blantyre linaweruza mlandu wa Suleman Abdul Karim, wobadwa kwa bambo wachimwenye ndi mayi wakuda, n'kunena kuti pamaso pa lamulo iye sanali mbadwa. Munthu wobadwira konkuno, woyamwa bere la konkuno! Mawu oti mkaladi timawatchulabe mpaka lero, nthawi zina mwachikondi, nthawi zina ngati tikumuchotsa munthu pakati pathu. Pa mphasa ya ku Bwanje sindinamve agogo aja akufunsa kuti uyu ndi wa mtundu wanji. Funso lawo linali lakuti watengera yani, ndipo yankho lililonse linkamumangirira mwanayo kwa wina wake.

M'mawa potsanzika ndinapempha chimanga chija. Agogo anaseka, anachikulunga m'nsalu yakutha, kenaka anandigwira chibwano n'kunditembenuzira ku dzuwa.

"Inu masayawa si a kuchimuna. Mukafunse amayi anu."

Ndinawaimbira foni tili pa Balaka. Anakhala chete kanthawi, kenaka anayamba kundiuza za agogo awo aakazi a ku Mulanje, amene anabwera kuchokera ku Mozambique ali mtsikana, atasenza mtolo pamutu, kudzathyola tiyi. Ndinali ndisanamvepo dzina lawo. Mayunitsi anatha tisanamalize.