Thupi Silidziwa Kuti Njalayo Ndi Yadala

Anthu ambiri akafuna kuchepetsa thupi amaganizira za thukuta: kuthamanga m'mamawa, kunyamula zitsulo, kukwera phiri. Komatu kwa munthu wosagwira ntchito yakalavulagaga, pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu za tsiku lonse amatha ali chikhalire kapena ali m'tulo. Mtima ukugunda, mapapo akukoka mpweya, impso zikusefa magazi, chiwindi chili kalikiliki. Ubongo wokha, womwe sufika n'komwe makilogalamu awiri, umadya gawo limodzi mwa asanu a mphamvu zimenezi.

Izi zandiphunzitsa kuti thupi ndi lofunika kulimvetsa, osati kulikhaulitsa.

Mu 2016, Kevin Hall ndi anzake ku America anafalitsa zimene anapeza pa anthu 14 amene anachita nawo mpikisano wa pa TV wochepetsa thupi mwachangu, The Biggest Loser. Patatha zaka zisanu ndi chimodzi ambiri anali atanenepanso, ndipo matupi awo, akamapuma, ankawotcha makalori ochepa ndi pafupifupi 500 patsiku poyerekeza ndi anthu a thupi ngati lawo. Sikuti anali aulesi. Thupi likaona chakudya chikuchepa limachita ngati mayi wanzeru m'mwezi wa February, amene akaona ufa ukutsika m'thumba amayamba kupungula wothira mumphika. Silidziwa kuti njalayo ndi yadala. N'chifukwa chake mtima umandipweteka ndikaona mtsikana akuswera ndi madzi a mandimu okha, maso ali gwa pa sikelo, ukwati wa mchemwali wake utayandikira.

Nawonso ukalamba timaunamizira. Lamba akayamba kuthina pa zaka 40, timati thupi lazizira. Koma kafukufuku wa Herman Pontzer ndi anzake wa mu 2021, pa anthu oposa 6,400 a m'mayiko 29, anaonetsa kuti kuyambira zaka 20 mpaka 60 kawotchedwe ka mphamvu sikasintha kwenikweni, tikawerengera kukula kwa thupi. Chimene chimasintha ndi moyo: mpando wa muofesi tsiku lonse, minibasi pamene kale tinkapita wapansi, tchipisi cha pachiwaya ndi chakumwa chotsekemera masana alionse.

Chimene tingateteze ndi minofu. Kilogalamu ya minofu imawotcha makalori pafupifupi 13 patsiku munthu akupuma, pamene ya mafuta sifika pa 5. Kusiyanaku si kwakukulu, koma wodzimana mopitirira muyeso amataya minofu pamodzi ndi mafuta, n'kutsala ndi thupi lofooka lofunanso chakudya chochepa. Choncho nsima ichepe pang'ono, masamba achuluke, nyemba, usipa ndi mazira zisasowe, ndipo manja ndi miyendo zigwire ntchito. Amene akunenepa mosadziwika bwino, akumva kuzizidwa ndi kutopa nthawi zonse, akayezetse chithokomiro kuchipatala asanayambe kudziimba mlandu.

Njira imeneyi ndi yochedwa, koma ndi imene munthu angaitsate chaka ndi chaka osadzivulaza.