Makapisozi a alamu anga

Diresi linakana kulowa kutatsala masabata asanu kuti mng'ono wanga akwatiwe. Telala wathu wa pa Katuli anakoka zipi mpaka pakati pa msana, n'kuisiya pomwepo. "Achemwali, nsaluyi sinalakwe. Mwadalitsika ndinu." Amene anali pakhonde anaseka, nanenso ndinaseka. Koma pobwerera ndinakana kabaza, ndati ndiyende wapansi mwina thukuta lingandithandize.

Ndinayamba kunenepa nditabereka mwana wachiwiri, ndipo thupi linapitirira nditayamba jakisoni wolera wa miyezi itatu uja. Kwathu kuno kunenepa si mlandu. Mkazi akanenepa amati bambo ku Joni akutumiza. Akawonda anthu amayamba kunong'ona, ndipo nonse mukudziwa zomwe amanong'onazo. Koma ine ndili ndi zaka 27, ndipo theka la moyo wanga lili pafoni. Pafoni malamulo ake ndi ena. Chithunzi chimodzi pa Facebook, mnzanga wa kusekondale n'kulemba kuti "koma ndiye wafufuma ngati mandasi", ndi tinkhope toseka titatu. Amayi ankati ndikuoneka bwino, foni inkati ndachuluka. Ndinamvera foni.

Sabata yomweyo kunafika alamu, akazi a achimwene anga, kuchokera ku Johannesburg. Anapita ali ngati ine, anabwera chiuno chikuoneka. Usiku wina tili kuchipinda anatsekula chikwama n'kutulutsa kabokosi.

"Alamu, awa si tiyi wa pa WhatsApp uja ayi. Awa anandilembera dokotala. Kamodzi m'mawa, tsiku lonse nsima simuiyang'ana n'komwe."

Anandiwerengera makapisozi khumi. Pakabokosipo panalembedwa kuti phentermine, 30 mg. Sindinafunse china chilichonse. Mawu oti "dokotala" anandikwanira, ngakhale dokotalayo anali asanandionepo.

Tsiku loyamba ndinadabwa. Ndinaphika nsima ndi usipa, ana akudya, ine kungoyang'ana ngati mlendo amene wadya kale kwawo. Ndinachapa zovala zonse, ndinasesa bwalo kawiri. Tsiku lachitatu m'kamwa munauma ngati ndatafuna ufa, ndipo tulo tinathawa. Tsiku lachisanu, cha m'ma 2 koloko usiku, mtima unayamba kugunda mpaka ndinkaumva m'makutu. Mutu unkawawa kumbuyo, manja akunjenjemera. Ndinakhala pamphasa ndikuyang'ana ana anga awiri ali mtulo, ndipo ndinadzifunsa kuti akadzuka n'kundipeza ndauma, adzauzidwa kuti mayi awo anafera diresi?

M'mawa ndinapita kuchipatala. Adokotala anandimanga kansalu kopimira BP kaja pamkono, anayang'ana, n'kupimanso kachiwiri.

"Mayi, mukumwa chiyani?"

Ndinafuna kunama. Kenako ndinatulutsa makapisozi asanu otsalawo pamodzi ndi chithunzi cha kabokosi chomwe ndinajambula pafoni. Sanandikalipire. Anatsekula buku langa lachipatala n'kundionetsa tsamba la sikelo ya mimba yachiwiri ija, pomwe BP yanga inakwerapo kale. Ndinali nditaiwala. Bukulo linali lisanaiwale.

Anandifotokozera mwachidule, ndipo zina ndinakawerenga ndekha bando ya usiku itandilola. Ndikuzilemba pano chifukwa ndikudziwa kuti si ine ndekha amene ndalandirapo kanthu kochokera m'chikwama cha wachibale.

Phentermine ndi mankhwala akale, ku America anawavomereza mu 1959. Ku South Africa anthu amawadziwa ndi dzina loti Duromine, ndipo lamulo silola kuwagula popanda chikalata cha dokotala. Amagwira ntchito muubongo. Amachititsa thupi kukhala ngati la munthu amene wakumana ndi njoka panjira: njala imaiwalika, maso amakhala gwa, mtima umathamanga. Ndiye kusamva njala kuja ndi kugunda kwa mtima kuja ndi zipatso za mtengo umodzi. Amayenera kumwedwa kwa nthawi yochepa, kawirikawiri masabata 12, ndipo si a munthu wa vuto la mtima, wa BP yokwera yosalamulika, kapena woyembekezera. Munthu amathanso kuwazolowera.

Ali ndi abale awo amene anachotsedwa pamsika. Fenfluramine, amene ankamwedwa pamodzi ndi phentermine, anachotsedwa mu 1997 atapezeka kuti akuwononga timitsekero ta mumtima. Sibutramine anachotsedwa ku Ulaya ndi ku America mu 2010 chifukwa ankawonjezera ngozi ya sitiroko ndi matenda a mtima. Chomwe chinandiopsa n'chakuti sibutramine yemweyo wakhala akupezeka atabisidwa m'makapisozi ndi m'matiyi ena ochepetsa thupi olembedwa kuti ndi "achilengedwe". Tiyi wa pa WhatsApp amene alamu ankamunyoza uja akhoza kukhala ndi zamphamvu kuposa zimene anandipatsa, kungoti alibe dzina loti ungakaonetse kuchipatala.

Ndiye pali majakisoni amene atchuka pa TikTok, semaglutide. Monga Ozempic anavomerezedwa ku America mu 2017 kuti athandize odwala shuga, ndipo monga Wegovy anavomerezedwa mu 2021 kuti athandize kuchepetsa thupi. Munthu amadzibaya kamodzi pasabata. Awa sathamangitsa thupi ngati aja. Amatsanzira timadzi tina ta m'matumbo timene timauza ubongo kuti wakhuta, ndipo chakudya chimachedwa kuchoka m'mimba. Pa kafukufuku wamkulu wa Wegovy anthu anataya pafupifupi 15 pa 100 ya kulemera kwawo m'masabata 68. Koma mseru, kusanza, kutsegula m'mimba kapena kudzimbidwa n'zofala, ndipo ena amadwala ndulu kapena kapamba. Amene anasiya, pomatha chaka anali atabweza magawo awiri mwa atatu a thupi lomwe anataya. Ndi odula, ndipo asanayambe kugwiritsidwa ntchito amafuna furiji. Tangoganizani kajakisoni koteroko katayenda masiku awiri kapena atatu m'basi kudzera ku Beitbridge ndi ku Tete, mu Okutobala. Komanso mu 2024 bungwe la WHO linachenjeza za Ozempic wachinyengo amene anapezeka m'mayiko angapo.

Palinso mapiritsi osakaniza naltrexone ndi bupropion, amene amachepetsa chilakolako cha chakudya, koma amatha kukweza BP ndipo saloledwa kwa munthu wa khunyu. Orlistat ndi wosiyana ndi onsewa: sakhudza njala, amangoletsa thupi kuyamwa gawo limodzi mwa magawo atatu a mafuta amene wadya. Mafuta otsalawo amatuluka okha, nthawi zina osagogoda. Ndikaganiza za mpunga wa paukwati ndi diresi loyera, ndimangoti Mulungu anandikonda kuti alamu sanabwere ndi amenewo.

Nditawaika pamodzi onsewa ndinaona kuti funso langa linali lolakwika. Ndinkafunsa kuti amphamvu ndi ati. Koma aliwonse ali ndi munthu amene angamuthandize ndi munthu amene angamupweteke, ndipo kabokosi sikadziwa kuti iwe ndiwe uti. Amadziwa ndi amene wakupima. Onsewa anapangidwira anthu amene kunenepa kwawo kwafika poika moyo pachiswe, kapena amene ali ndi shuga ndi zina zotero. Palibe amene anapangidwira zipi. Kuno ku Malawi mankhwala amayenera kulembetsedwa ku bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority asanagulitsidwe, koma chikwama cha mlamu sichidutsa kumeneko.

Madzulo ake ndinakabweza makapisozi asanu aja. Alamu anagwira pakamwa nditawauza.

"Iii alamu, pepani. Ine dokotala anayamba wandipima BP, n'kundifunsa za mtima, ndipo anati mwezi ukatha ndibwerenso adzandipimenso. Kodi sindinakuuzeni?"

Sanandiuze, ndipo ine sindinafunse. Sindiwaimba mlandu. Anandipatsa ndi mtima womwewo umene amatibweretsera nawo mabulangete ndi mafuta odzola. Kungoti mankhwala aja anali ndi mbali ziwiri, kapisozi ndi kupimidwa, ndipo mbali imodzi yokha ndi imene inakwana m'chikwama.

Amayi anamva zonse ali pakhomo akusankha nandolo. Analankhula m'Chiyao, osadzutsa mutu. Anati mu njala ya 2002 ankatiphikira gaga, iwo n'kumanama kuti adya kale. "Ife tinkapempha Mulungu kuti njala ichoke ndi chakudya. Inu mwapeza njira yoichotsera ndi mbale yodzaza ili patsogolo panu." Ndinafuna kuwayankha kuti nthawi zasintha, kuti masiku ano BP ndi shuga zikuphanso anthu kumudzi konkuno. Ndi zoona ndithu, ndipo ndi chifukwa chake kuchipatala anandiuza kuti thupili ndilichepetse pang'onopang'ono, ndichepetse mchere ndi shuga wa mutiyi, ndizibwera kudzapimitsa, komanso tidzakambirane za njira ina yolera. Koma tsiku limenelo ndinangokhala pansi n'kuyamba kuwathandiza kusankha nandolo.

Telala anawonjezera kansalu mbali zonse ziwiri, sanalipiritse n'komwe. Paukwati ndinavina mpaka miyendo kuwawa, ndipo mpunga ndinadya. Chithunzi chili pa Facebook. Mnzanga uja walembanso zake, sindinamuyankhe. Lachiwiri likubwerali ndikupita kukapimitsa BP.