Maloto a Usana

Munthu angathe kukhala pakhonde maso ali kumseu, koma osaona kanthu. Mnzace akamuitana, adzidzimuka monga wobwera ku ulendo. Thupi linali pomwepo, koma mtima unali kutali, kufolera nyumba imene sanaumbe njerwa yace ndi imodzi yomwe. Khalidwe limeneli Angelezi alicha "daydream". Ndi mau awiri olumikiza: "day" ndiye usana, "dream" ndilo loto. Mauwa anayamba kuoneka m'mabuku ao pakati pa 1600 ndi 1700.

Mbiri yokoma ili pa "dream". Zaka 1,000 zapitazo, Mngelezi akati "dream" sanali kunena za kutulo ai. Anali kunena cimwemwe, nyimbo, ndi phokoso la anthu osekera pamodzi m'nyumba ya mfumu. Loto la kutulo anali kulicha "swefn", mau amene anafa kale. Tsono m'zaka za m'ma 800 kunadza ankhondo a pangalawa ochedwa Viking, ocokera ku Denmark ndi Norway, namanga midzi kumpoto ndi kum'mawa kwa England. Iwo loto anali kuti "draumr". Akatswiri ambiri aganiza kuti m'kukhalirana ndi kukwatirana kwa mitundu iwiriyi, mau a eni dziko anatengera tanthauzo la alendo. Pofika m'ma 1200, "dream" linali loto, ndipo nyimbo zija zinaiwalika.

Koma Angelezi sanamkomere mtima wolota usana. M'ma 1500 anali nao kale mau ena omnyoza, "woolgathering", ndiko kutola ubweya. Amphawi anali kuyenda m'mabusa kutola timaubweya ta nkhosa tokodwa paminga: ulendo wautali, phindu lacepa. Kunyozaku nkopyola muyeso pang'ono, pakuti ubweya wotola-tolawo ukacuruka unali kupotedwa ulusi, mwana nkupeza cobvala m'nyengo ya cisanu.

Wolota usana sali yekha. M'caka ca 2010 ofufuza awiri a ku Harvard, ku America, Matthew Killingsworth ndi Daniel Gilbert, anafunsa anthu 2,250 kawiri-kawiri pa tsiku zimene anali kulingalira. Anapeza kuti pa mayankho 100 ali onse, pafupi-fupi 47 anali a munthu amene mtima wace wacoka pa nchito ili m'manja. Anapezanso cinthu cimene Angelezi akale aja, eni "dream" wa cimwemwe, akadazizwa naco: nthawi imene mtima unali kuyenda-yenda, anthuwo sanali okondwa monga pamene unali pa nchito.