Kalata Imene Inasowetsa Agogo Tulo

M'tauni ya Marondera, ku Zimbabwe, munali mtsikana wina wa giredi 6 amene ankakhala ndi agogo ake. Agogo aamuna anachoka kwawo ku Dedza m'chaka cha 1963 akadali mnyamata, kudzagwira ntchito m'minda ya fodya. Pakhomo pawo ankalankhula Chichewa, koma kusukulu mtsikanayo ankaphunzira Chishona ndi Chingerezi basi. Ankatha kulonjera alendo ndi kuyimba nyimbo za kwawo, koma kulemba kalata m'Chichewa sankatha. Zimenezi zinkawapweteka mtima agogowo.

M'chaka cha 2013 dziko la Zimbabwe linalandira malamulo aakulu atsopano. Malamulowo anatchula zilankhulo 16 zovomerezeka ndi boma, ndipo Chichewa chinali chimodzi mwa izo. Patapita zaka, agogo aja anayendera makomo a Achewa anzawo. Onse anagwirizana zolemba kalata yopempha kuti ana awo aziphunzira Chichewa kusukulu. Agogowo ndiwo anayamba kusayina, ndipo ndiwo anakapereka kalatayo ndi manja awo.

Yankho linabwera Lachinayi lina madzulo. Popeza maso a agogo anali atayamba kufooka, mtsikanayo ndiye anawerenga. Anawerenga bwinobwino mpaka anafika pa mzere wakuti: "The school has sanctioned the Chewa lessons."

"Bwereza liwu limenelo," anatero agogo.

Mtsikanayo anabwereza. Agogo anakhala chete kwa nthawi yaitali, kenaka anati, "Atilanga, mdzukulu wanga. Liwu limeneli ndimalidziwa bwino. Linandichotsa ntchito."

Agogowo sankanama. Pa 11 Novembala 1965 boma la azungu lotsogozedwa ndi Ian Smith linalengeza kuti dziko la Rhodesia ladzilamulira lokha popanda chilolezo cha Britain. Pofuna kulikhaulitsa, dziko la Britain linasiya kugula fodya wa ku Rhodesia. Bungwe la United Nations nalo linaika zilango m'chaka cha 1966, n'kuziwonjezera mu 1968. Mafuta a galimoto anayamba kugulidwa ndi makuponi. Alimi ambiri anachepetsa minda ya fodya, ndipo antchito ena anauzidwa kuti ntchito yatha. Zilango zimenezi zinachotsedwa kumapeto kwa 1979. M'zaka zonsezo wailesi ndi nyuzipepala zinkatchula liwu lakuti "sanctions" tsiku ndi tsiku. Kwa agogo, liwuli linkatanthauza njala ndi kusowa ndalama yotumiza kumudzi.

Usiku umenewo nsima inawakanika. Ankaganiza kuti akuluakulu a sukulu akwiya ndi pempho lija. Ankaopa kuti ana a makolo onse amene anasayina ayamba kuonedwa ndi diso loipa, ndiponso kuti mlandu wonse ugwera iwo. Anatsimikiza mumtima kuti kukacha akapepesa, ndipo akapempha kuti kalata ija ing'ambidwe.

Mtsikanayo nayenso tulo sanatione. Anatenga dikishonale yake ya Chingerezi n'kufufuza liwulo pa kuwala kwa kandulo. Zimene anapeza zinamuzunguza mutu. Tanthauzo lina linali lakuti chilolezo chochokera kwa wolamula. Tanthauzo lina linali lakuti chilango kwa wothyola lamulo. Liwu limodzi lomwelo linkanena kuti inde, linkanenanso kuti ayi.

M'mawa anagwada pafupi ndi agogo ake nati, "Agogo, musanakapepese, tiyeni tikafunse kaye. M'buku muno muli matanthauzo awiri."

Agogo aakazi, amene ankasesa pakhonde, anavomereza. "Mwanayu wanena zoona. Safunsa anadya phula."

Atafika kusukulu anakumana ndi mphunzitsi wa Chingerezi. Agogo anavula chipewa n'kuyamba kufotokoza chisoni chawo. Mphunzitsiyo anawerenga kalata ija, kenaka anamwetulira. "Bambo, palibe chopepesa. Sukulu yavomera. Maphunziro a Chichewa ayamba teremu ikubwerayi."

Agogo anakhala pansi pang'onopang'ono. "Nanga liwu loipa lija likufunanji m'kalata yabwino?"

Mphunzitsiyo anawafotokozera modekha. Liwuli linachokera ku Chilatini, chilankhulo cha Aroma akale. Iwo anali ndi liwu lakuti "sancire", lotanthauza kukhazikitsa lamulo kuti likhale lopatulika, losayenera kuthyoledwa. Tsono lamulo likakhazikitsidwa limakhala ndi mbali ziwiri. Limanena zimene zaloledwa, komanso limanena zimene zidzagwere munthu wolithyola. Chingerezi chinatenga mbali zonse ziwiri n'kuzisunga m'liwu limodzi.

Agogo anagwedeza mutu. Anakumbukira kwawo ku Dedza, kumene mitengo ya kumanda siidulidwa mwachisawawa. Mfumu ndiyo imapereka chilolezo cholowa kumanda pa nthawi ya maliro. Mfumu yomweyo ndiyo imalipitsa nkhuku kapena mbuzi munthu akalowako mwakuba. Chilolezo ndi chilango zonse zimatuluka pakamwa pamodzi.

"Nanga ine ndidzadziwa bwanji tanthauzo loyenera?" anafunsa mtsikanayo.

Mphunzitsiyo anati liwu limadziwika ndi anzake amene layenda nawo. Ngati chimene chatchulidwa pambuyo pake ndi ntchito kapena chikonzero, monga maphunziro, ulendo kapena masewera, kawirikawiri ndiye kuti chinthucho chaloledwa. Ngati chotchulidwacho ndi munthu, timu kapena dziko limene lalakwa, kawirikawiri ndiye kuti lalangidwa. Liwulo likakhala ndi chilembo cha "s" kumapeto, monga dzina la zinthu zambiri, ndipo likayenda ndi "impose" kapena "against", pafupifupi nthawi zonse limanena za zilango. M'kalata ija munalinso tsiku loyambira maphunziro ndi chipinda chophunziriramo. Munthu sapatsidwa chipinda cha chinthu chimene chaletsedwa. Koma mizere imeneyi inali m'munsi, ndipo dzulo lake mantha anawaimitsa asanafikeko.

Atabwerera kunyumba, agogo aamuna anadandaula kuti Chingerezi n'chilankhulo chachinyengo. Agogo aakazi anaseka. "Nanga chathuchi?" anatero. "Mbala ikagwidwa amati ailanga. Koma namwali akatha msinkhu, anamkungwi amamulanganso, pamene sanabe kanthu. Kulanga kwa mbala n'kukhaulitsa, kulanga kwa namwali n'kuphunzitsa mwambo. Inu munasokonezekapo?"

Agogo aamuna anavomera kuti sanasokonezekepo, chifukwa nkhani yonse ndiyo imaonetsa kulanga kumene kukunenedwa. Mtsikanayo anawonjezera liwu lina. Munthu akati wabwereka khasu, ndiye kuti watenga la mnzake. Koma akati, "Ndibwerekeni khasu," akupempha kuti mwini wake apereke. Wolandira ndi wopereka onse akwanira m'liwu limodzi.

Madzulo a tsikulo agogo anayendanso makomo onse aja, ulendo uno ndi nkhani yabwino. Sanabise kuti akanang'ambitsa pempho limene linali litavomerezedwa kale. Pakhomo lililonse ankanena kuti anapulumutsidwa ndi mdzukulu wawo, amene anakana kukhulupirira tanthauzo loyamba asanaone lachiwiri.

Teremu itayamba, ana a Achewa anasonkhana m'chipinda chija. Pa tsiku loyamba mphunzitsi anawauza kuti aliyense alembe chiganizo chimodzi m'Chichewa. Mtsikanayo analemba, nafufuta, nalembanso. Chiganizo chake chinali chakuti: "Agogo anga amandilanga bwino." Atafika nacho kunyumba, agogo aamuna anachiyandikitsa kumaso n'kuchiwerenga kawiri.

"Kulanga kutiko?" anafunsa.

"Kwa anamkungwi, agogo," anayankha mtsikanayo.

Agogo anapinda pepalalo mosamala n'kuliika m'sutikesi yawo yakale, pamodzi ndi kalata ya kusukulu ija.