Masekondi 5 otsanzikira

Teremu yatha ndinatseka gulu la makolo la pa WhatsApp usiku umodzi, osachenjeza aliyense. Mphekesera zinali zitandikwana. Patatha masiku atatu, bambo wina anapalasa njinga kuchokera ku Bolero kudzakhala nawo pamsonkhano umene tinali titausintha tsiku. Funso lawo linatsalira m'gulu muja, losayankhidwa. Ndinasowa poyang'ana.

Mphwanga, amene amalemba mapulogalamu a kompyuta, anandiseka nditamuuza. Anandifotokozera kuti makompyuta akuluakulu a WhatsApp amayendera Erlang, chilankhulo chimene chinayambika ku kampani ya Ericsson, ku Sweden, mu 1986. M'menemo muli timapulogalamu tambirimbiri togwira ntchito nthawi imodzi, kalikonse ndi bokosi lake la mauthenga, ndipo tili ndi kapitawo. Kapitawoyo akafuna kuimitsa kamodzi, amayamba wakauza kuti kaweruke, n'kukapatsa mpata wolongedza, kawirikawiri masekondi 5. Kakazengereza m'pamene amakazimitsa mokakamiza. Mauthenga amene sikanawerenge amatayikira pomwepo.

Ine ndinathamangira kuzimitsa. Makolo, pepani. Gulu latsopanoli ndidzalengeza za kulitseka kudakali sabata yathunthu, ndipo amene ali ndi funso adzayankhidwa ndisanadine batani.