Ufa wa buluu umene unagulitsidwa pa sikelo

Aliyense amene anakulila m'komboni adziŵa lamulo la ma scrap: cimene cilema ndiye cili na ndalama. Anyamata amene amazungulila na mawilibala ku Kanyama olo ku Chawama sayang'ana kukongola kwa citsulo. Amacinyamula, n'kumva kulema kwake m'manja, n'kuyamba kuŵelengela za pa sikelo. Sitiwaseka, cifukwa ambili tinali nawo ku sukulu, ndipo ndalama imeneyo ndiye igula pamela ya unga madzulo. Koma pali zitsulo zina zimene anazipanga zolema dala, kuti cimene cili mkati cisatuluke.

Pa 13 September 1987, mumzinda wa Goiânia ku Brazil, amuna aŵili analoŵa m'cipatala ca khansa cimene cinali citasiyidwa. Eni ake anasamukila kwina mu 1985, koma anasiya mashini imodzi yocizila khansa na radiation. Nyumbayo inali pa milandu ku khoti, zipupa zina zitagwa. Amunawo anamasula mutu wa mashiniyo, n'kuuika pa wilibala, n'kupita nawo kunyumba. Mkati mwake munali kacibotolo kacitsulo kokwana m'dzanja, ndipo mu kacibotoloko munali ufa wa caesium-137 wolema magalamu 93 cabe.

Tsiku lomwelo onse aŵili anayamba kusanza. Anati ni zakudya. Mmodzi atatupa dzanja na kuyamba cizungulile anapita ku kiliniki, kumene anamuuza zimodzimodzi, kuti wadya cinthu coipa, akapumule. Mnzake anapitiliza nchito mpaka anaboola kacibotolo kaja na screwdriver. Anaona kuwala kwa buluu. Anatapako ufa pang'ono n'kuyesa kuuyatsa na moto, poganiza kuti ni wonga wa mfuti.

Pa 18 September zinthuzo zinagulitsidwa kwa munthu wogula ma scrap. Usiku anaona kuti m'galaji mukuwala. Anaganiza kuti wapeza cinthu ca mtengo wapatali, mwina ca mizimu, ndiye anaciloŵetsa m'nyumba n'kuitana abale na anansi kuti abwele aone. Anafuna kupangila mkazi wake mphete. Anthu anagaŵana timibulu twa ufawo monga mpunga, ena anadzipaka pa khungu. M'bale wake anatengako n'kukathila pansi m'nyumba mwake, ndipo mwana wake wamkazi wa zaka 6 anaseŵela nawo, kenako anadya cakudya osasamba m'manja.

Apa tisafulumile kukamba kuti anthu aja anali mbuli. Tiike cinthu cowala usiku popanda batili pakati pa komboni iliyonse mu Lusaka, tione ngati sipadzakhala mzele wa anthu na mafoni m'manja. Radiation ilibe fungo, siituluka utsi, siwaŵa pamene ikuloŵa m'thupi. Zilonda zake zimaonekela patapita masiku. Ndipo matenda ake amayamba monga matenda amene tinazoloŵela: kusanza, kutsegula m'mimba, kufooka. Kuno kwathu tikanati ni kolela, ena malungo, ambuya akanati pali munthu wayenda pakhomo usiku. Ku Goiânia nakonso madokotala oyamba anaganiza za matenda wamba a m'maiko otentha.

Amene anazindikila sanali dokotala. Anali mkazi wa wogula ma scrap uja, iyenso akudwala. Anangoona kuti aliyense amene wayandikila cinthu cija akusanza. Pa 28 September anapita na wanchito mmodzi kukatenga zotsala za mashiniyo, anaziika m'thumba, n'kukwela nazo basi mpaka ku ofesi ya zaumoyo. Anaika thumbalo pa tebulo la dokotala n'kumuuza kuti cinthuci cikupha banja lake. Dokotalayo anacita mantha, anakalisiya pa mpando panja pafupi na mpanda.

Maŵa lake katswili wa sayansi ya radiation anabweleka kamashini kopimila. Atakayatsa akali patali na ofesiyo, singano inathamanga mpaka kumapeto. Anaganiza kuti kafa, anabwelela kukatenga kena. Nako kanacita cimodzimodzi. Anafika pa nthawi yake, cifukwa ozimitsa moto anali pafupi kutenga thumba lija kuti akaliponye mumtsinje.

Anthu pafupifupi 112,000 anapimidwa pa bwalo la maseŵela la mumzindawo. Anthu 249 anapezeka na caesium pa zovala, pa khungu olo m'thupi. Anayi anamwalila mu October: anyamata aŵili a nchito pa yadi ya ma scrap, mwana uja, na mayi amene anakwela basi. Mayiyo na mwanayo anamwalila tsiku limodzi, pa 23 October. Nyumba zina zinagwetsedwa, dothi linafukulidwa, ndipo zinyalala zonse zinakwana ma cubic metre 3,500, zocokela ku magalamu 93.

Cimene citiŵaŵa maningi m'nkhaniyi ni malilo a mwana uja. Anamuika m'bokosi lokutidwa na mtovu. Khamu la anthu linafika ku manda na miyala na njelwa kuti limuletse kuikidwa, poopa kuti mtembowo udzawononga nthaka yawo. Kwa miyezi, anthu a ku Goiânia anali kukanidwa m'mahotela a m'mizinda ina, ndipo katundu wa m'cigawo cawo anasoŵa ogula. Ise amene tinaona mmene odwala AIDS anali kuwapatulila kapu yawoyawo tidziŵa bwino mtundu wa mantha amenewa. Amakula pamene palibe wofotokoza.

Ndiye tifotokoze. Pali kusiyana pakati pa munthu amene radiation yamupyoza na munthu amene ufa wa radiation wamumatilila. Woyambayo sapatsila aliyense. Mayi amene wacokela ku mashini ya radiotherapy ku Cancer Diseases Hospital mu Lusaka angakumbatile ana ake, angadye nawo m'mbale imodzi. Waciŵiliyo afunika kuvula zovala na kusamba, ndipo ngati ufawo waloŵa m'thupi pali mankhwala. Ku Brazil anaseŵenzetsa Prussian blue, imene imagwila caesium m'matumbo kuti ituluke. Palinso kusiyana kwa mamashini. X-ray ya ku kiliniki imatulutsa radiation pamene yayatsidwa cabe. Malaiti akapita, ni citsulo wamba. Koma caesium-137 na cobalt-60 zilibe switch. Zimatulutsa usana na usiku, kaya cipatala cili cotsegula olo cinagwa denga. Caesium-137 imatenga zaka 30 kuti mphamvu yake icepe na hafu. Ya ku Goiânia ija inafika pa hafu ca mu 2017.

Tikaŵelenga za ngozi zina, cimaticititsa cidwi n'cakuti njila ni imodzimodzi. Ku Samut Prakan ku Thailand, mu 2000, kampani ina inasiya mitu ya mamashini a cobalt-60 pa malo oimikapo mamotoka popanda citetezo. Otola ma scrap anatenga umodzi, unadulidwa na moto wa gasi pa yadi, anthu atatu anafa. Ku Mayapuri mumzinda wa Delhi, mu 2010, mashini ya pa yunivesiti inagulitsidwa monga scrap, munthu mmodzi anafa. Amene anagula mashini, amene anasaina mapepala, amene adziŵa dzina la cinthu cili mkati, sapezeka pa mndandanda wa omwalila. Amafa ni a wilibala, odula zitsulo, na mabanja awo. Madokotala eni cipatala ca ku Goiânia anaimbidwa mlandu wa kusasamala, n'zoona, koma malilo anali atacitika kale. Kwa ise, mlandu waukulu uli pa wosiya cinthu, osati pa wotola.

Zinthuzi sizili m'zipatala cabe. M'migodi muli ma gauge okhala na caesium amene amapima matope a miyala oyenda m'mapaipi. Omanga miseu ali na tumashini topima ngati dothi latsindilika bwino. Opima ma welding pa mapaipi amayenda na iridium-192 m'kabokosi konyamula pamanja. Dziko la migodi monga lathu silingakambe kuti nkhaniyi ni ya kutali. Tili na lamulo, Ionising Radiation Protection Act ya mu 2005, na bungwe la Radiation Protection Authority limene limapeleka malaisensi na kuyendela malo amene zinthuzi zili. Koma ngakhale kumene malamulo ni olimba zinthu zimagwa. Mu January 2023 ku Western Australia, kambulu ka caesium-137 ka mamilimita 8 kanagwa pa thilaki yocokela ku mgodi, pa mseu wa makilomita 1,400. Anakapeza pa 1 February m'mbali mwa mseu, cifukwa kampani inanena ndipo boma linalengeza kwa anthu onse. Ngozi ikulu imabwela pamene kampani yagwa, mwini wathaŵa nkhongole, malonda wapita cifukwa sanalipidwe, ndipo palibenso amene akumbukila zimene zili m'cipinda cakumbuyo.

Ngati muli na m'bale amene aseŵenza pa ma scrap, muuzeni izi. Citsulo cacing'ono koma colema mopitilila, cotsekedwa mozungulila na mtovu mkati, cocokela ku cipatala, ku mgodi olo ku fakitale yotsekedwa, sicofunika kudula olo kumenya na hamala. Asaciike m'thumba la buluku, asacipeleke kunyumba. Acoke, aletse ana kuyandikila, aitane apolisi olo a Radiation Protection Authority. Mtunda umathandiza maningi: mukaima kutali kuŵilikiza kaŵili, radiation yokufikani imatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Ndipo ngati wayamba kusanza pambuyo pogwila cinthu cotelo, akauze anesi za citsuloco, osati za nsima ya dzulo cabe.

Cizindikilo cakale ca radiation, ca mapiko atatu akuda pa cikasu, cinalipo pa mashini ya ku Thailand. Otola aja anaciona, koma sanadziŵe tanthauzo lake. Cioneka monga fani. Mu 2007 bungwe la IAEA pamodzi na ISO linatulutsa cina coonjezela: ca makona atatu, cofiila, cokhala na mapiko aja pamwamba, cigaza na mafupa kumanzele, na munthu wothaŵa kumanja. Sacimata pa zitseko olo pa mathilaki. Amaciika mkati, pa citsulo cimene cisunga ufawo, pamene angacione ni munthu yekhayo amene wayamba kale kumasula.